Tsiku Limene Sindinazule Pulagi

Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala pa chibwenzi ndi Isidro Lucero, ndipo miyezi yonseyo mayi ake sanatchulepo dzina langa. Dzinalo ndi Noemi, lalifupi, losavuta pakamwa, koma kwa a Fabiola ine ndinali "alendo". Alendo apatseni mpando. Alendo amamwa khofi wa shuga? Ankalankhula mwaulemu wonse, ulemu uja umakuimika pakhonde osakulowetsa m'nyumba. Ndinkamwetulira, koma sindibisa, zinkandiwawa.

Chifukwa chake ndinkachidziwa, ndipo chinali ndi dzina: Darlene Baca. Anakhala pa chitomero ndi Isidro zaka ziwiri, kenako anapeza ntchito ku Denver n'kubweza mphete. Mu Januwale anabwerera kwathu kuno ku Las Cruces, ndipo kuyambira pamenepo a Fabiola ankayenda ngati mlimi amene waona mitambo. Tsiku lina ndinawamva pa foni akuuza mchemwali wawo kuti madzi saiwala khwawa. Sanatsitse mawu, ngakhale ankadziwa kuti ndili m'khichini momwemo ndikutsuka makapu awo.

Kwa a Lucero kuli tsabola wawo wa pabanja, mbewu imene a Fabiola analandira kwa apongozi awo. Mkazi wolowa m'banjamo amaikiridwa kathumba ka mbewuyo m'manja, ndipo zikatero wavomerezedwa. Darlene analandira kake. Mphete anabweza, koma za kathumba palibe anamufunsa. Chaka chatha matalala anasakaza munda, ndiye chaka chino a Fabiola anakhuthula botolo lonse la mbewu n'kufesa mathireyi khumi ndi awiri m'nyumba ya mbande kuseri kwa khola. Ine sindinkafuna zambiri. Ndinkafuna mayi amenewa andiitane ndi dzina langa, ndipo tsiku lina andiikire kathumba m'manja.

* * *

Loweruka loyamba la Epulo tinawapeza m'nyumba ya mbandemo, kolona ili m'manja, nkhope ili ndwii. Pakhoma panali bokosi lachitsulo, m'katimo muli kakompyuta kongokwana m'chikhatho, kopanda sikirini, kamene Darlene anaika ali pa chitomero. Ndiko kankatsegula mawindo kukatentha ndi kuwaza madzi pa mbande. Kakazima mawindo ankatsekeka okha kuti mphepo yozizira isalowe. Pamwamba pake panali fani yaing'ono ngati chitsekero cha botolo, yoziziritsa kakompyutako, ndipo inkalira ngati udzudzu wa m'khutu.

"Kanthu aka kandigonthetsa," anatero a Fabiola, akuyang'ana mwana wawo osati ine. "Kolona ndikulephera kumaliza. Ndikafika pakati ndaiwala pamene ndinali. Ndimuimbira Darlene, mwana wanga uja ndiye amakadziwa."

"Amayi, Noemi ntchito yake ndi yomweyi," anatero Isidro.

"Alendo tisawavutitse."

"Sindivutika, amayi," ndinatero. "Mundipatse ola limodzi."

A Evaristo, bambo ake a Isidro, anali pakhomo akugogoda matope ku nsapato. Iwo ankandikonda, koma mwakachetechete, ngati munthu wosuta fodya mobisa.

"Asiyeni ayese, mayi," anatero. "Akalephera ndikatontholetsa ine ndi fosholo."

A Fabiola anapukusa mutu n'kutuluka. Sanavomere, koma sanakanenso, ndipo kwa ine zinakwana.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira, laputopu pa mawondo, n'kulowa m'kakompyutako. Chimene chinkayendetsa fani ndi chimene ife timati sevisi, kapulogalamu kogwira ntchito kuseri popanda wokayang'anira. Ya Darlene inali yaulesi: inkangouza fani kuti ithamange ndi mphamvu zonse, kutenthe kuzizire. Ndinamwetulira. Darlene ndiye anandiphunzitsa kuwotcherera mawaya ku gulu lathu la Loweruka m'chipinda cha kuseri ku laibulale, ndipo nthawi zonse ankandiposa. Kupeza ntchito yake yosalongosoka kunandikomera ngati uchi.

Kumwetulirako sikunakhalitse. M'mafayilo otere timasiya timizere timene kompyuta imadumpha, tolembera munthu amene adzabwere pambuyo pathu. Anthu abwinobwino amalembamo za mawaya. Darlene analembamo moyo wake.

"Malichi 3. Chilo wagona pa matumba a manyowa, akuti akundithandiza."

"Malichi 19. Mama akuti fani ikusokosa. Ndidzaikonza tikakwatirana, panopa ndilibe nthawi."

"Chilo, ukadzawerenga apa, udziwe kuti tsiku lonse ndinkayang'ana iwe, osati sikirini."

Chilo! Ine ndimamuitana Isidro, monga analembedwera ku ubatizo. Pansi pake panali mizere ina pafupifupi khumi. Sindinaiwerenge. Zala zinathamanga zokha, ndipo ndinafufuta fayilo yonse pamodzi ndi sevisi yake. Ndinadziuza kuti ndikuyeretsa ntchito. Inali nsanje basi, yovala ovolosi.

Yanga ndinailemba bwino, ndipo pamenepo sindidzichepetsa. Masekondi khumi alionse iziona kutentha kwa kakompyuta. Kakafika madigiri 60 fani iyambe, isaleke mpaka katsike pa 50. Mpata wa pakatiwo ndi wofunika, apo ayi fani imangoyaka n'kuzima ngati munthu wosadziwa chimene akufuna. Sevisi yatsopano imafuna malamulo awiri. Loyamba limati yamba tsopano. Lachiwiri limati uzidzuka wekha nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Ndinapereka loyamba, ndipo udzudzu uja unangoti zii.

Isidro anasuzumira. "Waipha?"

"Yagona. Katenge choumitsira tsitsi cha amayi ako."

"Ukufuna andiphe ine?"

Anabwera nacho atachibisa m'malaya. Tinauzira mphepo yotentha m'bokosimo tikuyang'ana manambala akukwera. Atafika pa 60 fani inayamba kuzungulira. Tinazimitsa choumitsira, manambala anatsika, ndipo pa 50 inaima. Isidro anandipsompsona pa chipumi n'kuthamangira kukabweza choumitsiracho asanagwidwe.

Ku gulu lathu kuli lamulo la a Wendell, mkulu amene anayambitsa gululo: usananyamuke, zula pulagi. Uzimitse chinthucho mwadzidzidzi monga amachitira magetsi, uyatsenso, uone ngati zonse zadzuka zokha. Lamulo limeneli ndaliphunzitsa anthu atsopano kosawerengeka, ndipo ndimawaseka akaiwala. Ndikanazula, fani sikanadzuka, ndipo ndikanakumbukira lamulo lachiwiri lija. Dzanja langa linali kale pa pulagi.

"Noemi!"

Ndinatembenuka. A Fabiola anali pakhomo, atapendeketsa mutu akumvetsera bata.

"Noemi, bwerani tidye. Nyemba zizizira."

Ndinasiya pulagi. Ndinatseka laputopu, n'kuwatsatira ngati mwana wankhosa.

* * *

Chakudya cha tsiku limenelo sindidzachiiwala, ngakhale zinali nyemba wamba, nyama ya nkhumba ya tsabola wofiira ndi ma tortilla otentha, mikate yopyapyala ya chimanga. A Fabiola ananditchula dzina kawiri. Anandifunsa za mayi anga ku Silver City. Anandiwonjezera nyama osandifunsa. A Evaristo ananditsinzinira diso limodzi kuseri kwa kapu yawo.

Pondiperekeza ku galimoto, Isidro anali wosangalala ngati wapambana ndi iye.

"Waona? Ndinakuuza kuti amayi ndi nkhani ya nthawi."

"Chilo," ndinatero.

Anaima. "Wati chiyani?"

"Ndi mmene amakuitanira, eti? Chilo wagona pa manyowa. Chilo ndinkayang'ana iwe."

Ndinamufotokozera za timizere tija. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi.

"Iwe, ine ndi munthu wa thirakitala. Mafayilo amenewo sindinawatsegulepo. Akanalemba kuti ndine bulu sindikanadziwa."

"Mwina analembadi. Sindinawerenge mpaka pansi."

"Ndiye ukundikwiyira pa kalata imene sindinawerenge, imene iwenso sunamalize?"

Ndinaseka, chifukwa zinali zoona. Koma funso linali kale pa lilime. "Chibwerere wake mwaonanapo?"

"Kutchalitchi kokha, patali. Amakhala kutsogolo ndi amayi, ine kumbuyo."

"Basi?"

"Basi, Noemi. Zimenezo zinatha kalekale." Anandigwira m'mapewa. "Lero ndi tsiku labwino. Usalithire mchenga."

Ndinamukhulupirira. Ndinayendetsa galimoto kubwerera ku tauni mawindo ali otsegula, ndikuimba ndekha ngati wopepera.

* * *

Masiku otsatira foni yanga inali pa chikondwerero.

Lamulungu Isidro analemba: "Amayi amaliza kolona yonse lero. Akuti anawonjezeramo pemphero lina, sananene la ndani."

Ndinayankha: "La udzudzu umene unamwalira."

Lolemba: "Bambo akuti ubwere udzatontholetsenso azakhali anga."

"Amenewo alibe pulagi."

Nditangolemba mawu amenewo kanthu kanandilasa mumtima. Pulagi. Ndinayesa kukumbukira ngati ndinapereka lamulo lachiwiri. Ndinkadziona ndikulilemba, koma ndalilemba kambirimbiri pa makompyuta ena moti sindikanadziwa ngati ndikukumbukira Loweruka lija kapena lina. Kulowa m'kakompyutako ndili kutali sikunali kotheka, ndipo ku famu ndi ulendo wa theka la ola. Ndikanatha kupita. Koma ndikanati chiyani kwa a Fabiola? Kuti ntchito imene mwandiyamikira mwina sinathe? Ndinadziuza kuti magetsi sazima chisawawa mu Epulo, ndikaona Loweruka.

Lachiwiri Isidro analemba kuti mawa lake akutengera bambo ake kwa dokotala wa maso ku El Paso, ndipo amayi akupita nawo. "Akuti mbande zili m'manja mwako."

Ndinawerenga uthengawo katatu, ndikumwetulira.

* * *

Lachitatu, nthawi itangodutsa wani koloko masana, foni inalira. Nambala sindinkaidziwa.

"Ndine Darlene. Usadule."

Mawu ake anali odekha, monga mmene ankalankhulira akamandionetsa pamene ndalakwitsa waya.

"Ndili ku famu. Bwera ndi laputopu yako. Usathamangitse galimoto, zimene zachitika zachitika kale."

Ndinathamangitsabe. Nditafika ndinapeza zitseko zonse ziwiri za nyumba ya mbande zili pululu, mawindo atachirikizidwa ndi timitengo. Darlene anali m'katimo, nsapato za ku ofesi zili matope okhaokha, akuthirira ndi kheni. Fungo linandiuza zonse ndisanaone: fungo la ndiwo zamasamba zofutsa. Mathireyi a pa shelefu ya pamwamba ndi ya pakati mbande zake zinali zitagona, zofewa, zakuda m'tsinde. Anayi okha a pansi ndiwo anali ndi moyo.

Ndinakhala pa ndowa yomwe ija.

"Wadziwa bwanji?"

"Kakatentha kwambiri kamatumiza uthenga ku imelo yanga. Palibe anaichotsapo." Anaika kheni pansi. "Kanafika pa 85 cha m'ma leveni, n'kudzizimitsa kuti kasapse. Mawindo anatsekeka. Ine ndinali mu msonkhano, foni ili m'chikwama. Ndafika mochedwa ndi maola awiri."

Ndinayatsanso kakompyuta n'kutsegula laputopu. Sindinafunikire kufufuza. Kakompyuta kanazima n'kuyakanso nthawi ya naini m'mawa. Zonse zinadzuka, kupatula sevisi yanga, imene palibe anaiuza kuti izidzuka.

"Fayilo yanga unaiwerenga?" anafunsa.

"Ndinaiwerenga."

"Mpaka pansi?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndinadziwa," anatero, osaseka. "Mzere womaliza ndikuukumbukira chifukwa ndinaulemba ndi zilembo zazikulu. Lachitatu lililonse pampu yaikulu ya pa chitsime ikayaka, magetsi a pa famu pano amaphethira, kompyuta imazima n'kuyakanso. Wosintha chilichonse muno azule pulagi asananyamuke." Anapukuta manja ku siketi. "A Wendell anatiphunzitsa tonse, Noemi. Iwe ndiwe umakalipira ena za zimenezi."

"Ndikudziwa."

"Unaima pa mzere uti? Wa manyowa?"

"Wa sikirini."

"Aa, umenewo." Anayang'ana kumbali. "Iye sanauwerengepo, ngati zingakutonthoze. Ndinadikira chaka chonse."

Ndinkafuna kumuda, koma n'zovuta kuda munthu amene waononga nsapato zake kupulumutsa zimene iwe wapha. Ndinapereka lamulo lachiwiri, limene limatenga masekondi awiri kulemba. Kenako ndinaimirira n'kuzula pulagi iye akuona. Ndinawerenga mpaka khumi, n'kubwezera. Tinadikira. Kakompyuta kanayaka, sevisi inadzuka yokha, fani inazungulira mpaka bokosi linazizira, n'kuima. Mawindo analira n'kuyamba kuyenda okha.

"Yako ndi yabwino kuposa yanga," anatero Darlene. "Zimenezo ndikuvomera." Anakhala pa matumba moyang'anana nane. "Tamvera. Fani iyi ndi yakale, ili ndi zaka zitatu. M'galimoto ndili nayo ina. Tisinthe, akabwera ndiwauza kuti yakale inafa yokha. Palibe angadziwe. Chilo sasiyanitsa fani ndi batani la malaya."

"Bwanji ukundichitira zimenezi?"

"Sindikuchitira iwe. Mama akamva kuti mbewu za apongozi awo zafa ndi dzanja la munthu, sadzakhululuka. Akamva kuti ndi chitsulo, alira tsiku limodzi n'kuiwala."

Mwina ankanena zoona. Mwinanso ankafuna kuti ndikhale ndi chinsinsi chimene fungulo lake lili m'thumba mwake, kuti tsiku lililonse tikakumana kutchalitchi ndizimuweramira. Mpaka pano sindikudziwa, ndipo ndikuganiza kuti nayenso sankadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinalakalaka kuvomera. Ndinalawa dzina langa pakamwa pa mayi aja masiku anayi okha, ndipo sindinkafuna kubwerera ku ulendo.

"Ndiganize," ndinatero.

Darlene anapita ku galimoto n'kubwera ndi fani yatsopano. Anaiika pa shelefu pakati pathu. Tinayamba kusankha mbande, kuona ngati m'mathireyi akufawo muli zina zopuma. Tinapezamo zisanu ndi zitatu.

* * *

Anafika cha m'ma folo. A Evaristo anatsika atavala magalasi akuda a kwa dokotala, Isidro atawagwira mkono. A Fabiola ataona galimoto ziwiri ndi zitseko zotsegula sanafunse kanthu. Analowa, chikwama chili m'khwapa, n'kuyenda thireyi ndi thireyi. Pena ankaima n'kudzutsa mbande ndi chala, iyo n'kugweranso. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

"Mama," anayamba Darlene, akutola fani yatsopano ija, "chimene chachitika n'chakuti fani yakale…"

"Fani ilibe mlandu," ndinatero.

Mawu anatuluka okha, ndisanamalize kuganiza. Onse anandiyang'ana.

"Amayi, ndine. Ntchito sindinaimalize. Ndinauza fani kuti iyambe, koma sindinaiuze kuti izidzuka magetsi akaphethira. Darlene anali atalemba chenjezo la pampu ya Lachitatu, ine ndinalifufuta osaliwerenga."

"Noemi, siukufunika…" anatero Isidro.

"Khala chete, iwe," anatero mayi ake. Anatembenukira kwa ine. "Munafufutiranji?"

"Pamwamba pake analembapo za Isidro. Zachikondi. Zinandiwawa."

"Nsanje."

"Inde, amayi."

"Ndiye mbewu za apongozi anga zaphikidwa ndi nsanje."

"Inde. Ndiponso pali lamulo limene ndimalidziwa bwino, loti usananyamuke uzule pulagi uone ngati zonse zidzuka. Dzanja linali pa pulagi. Lolemba ndinakayikira, koma ndinachita manyazi kubwera."

"Dzanja linali pa pulagi, ndiye chinakuletsani n'chiyani?"

Ndinayang'ana pansi, pa matope.

"Munandiitana," ndinatero. "Kanali koyamba kunditchula dzina. Ndinaiwala zonse."

A Evaristo anachotsa magalasi akuda, n'kuwavalanso msanga chifukwa cha kuwala. A Fabiola anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba ankayang'anadi ine, osati mpando umene ndakhalapo. Kenako maso awo anatsikira pa fani yatsopano m'manja mwa Darlene.

"Nanga iyo ndi ya chiyani, mwana wanga?"

Darlene anaibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. "Ndinangobwera nayo, Mama. Mwina ikanafunika."

"Mm." A Fabiola anaika chikwama pa shelefu n'kukwinya manja a bulauzi. "Ndakwiya, Noemi. Musaganize kuti sindinakwiye. Mwina ndikhala wokwiya mpaka tsabola adzafiire. Koma nsanje ndimaidziwa, afunseni bambo awa."

"Ine ndili ndi maso odwala, musandilowetsemo," anatero a Evaristo.

"Bodza ndiye sindidya nalo mbale imodzi. Nthawi yofesanso ilipo, sabata imodzi yokha. Loweruka mubwere m'mawa. Mufesa ndinu, mbewu imodziimodzi, mathireyi onse asanu ndi atatu, mpaka msana ukuuzeni dzina lanu."

Misozi inandithawa pamenepo. Sichinali chikhululuko, koma inali ntchito ya munthu wa pakhomo, ndipo alendo satumidwa zotere.

"Koma mayi," anatero a Evaristo, "botolo munakhuthula lonse. Afesa chiyani?"

A Fabiola anaima. Ndinaona akukumbukira, ndipo ndinaona kuti zimene akumbukirazo zikuwalemera. Anatembenuka pang'onopang'ono kwa Darlene. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa tanthauzo la kuitanitsa kathumba kaja. Mphete inabwezedwa kwa Isidro, koma kathumba kanali ka iwo, ndipo chaka chonse anakasiya dala kumene kanali.

"Darlene, mwana wanga," anatero, mawu atatsika. "Walimbana nazo lero, ndakuona nsapato. Sindidzaiwala. Koma kathumba kaja ndikukafuna. Ubwere nako Loweruka lisanafike."

Ndinkayembekezera kuti Darlene alira, kapena atuluka. Nkhope yake inachita ngati yamenyedwa, inde, koma kamphindi chabe. Kenako anaika fani pa shelefu bwinobwino, n'kuyang'ana Isidro.

"Chilo sanakuuzeni, Mama?"

"Kundiuza chiyani?"

"Kathumbako ndilibe. Anabwera kwathu mu Febuluwale kudzakatenga." Anatola makiyi a galimoto yake. "Anati angokhala mphindi zisanu. Ananyamuka dzuwa litapendeka."

Anandidutsa pafupi, n'kundigwira mkono pang'ono ngati mnzanga. "Uziwerenga mpaka pansi, Noemi," anatero motsitsa, n'kutuluka.

Ndinayang'ana Isidro. Kutchalitchi kokha, patali. Basi, Noemi. Iye ankayang'ana nsonga za nsapato zake ngati pali cholembedwa.

"Noemi, ndikufotokozera. Si mmene ukuganizira."

Koma ine sindinkadziwa choganiza. Ngati anakatenga kathumbako chifukwa cha ine, bwanji kakhala miyezi iwiri kobisika, ine ndikutsuka makapu ngati mlendo? Ngati sanatengere ine, masana onse aja ankakambirana chiyani? Mphindi zochepa zapitazo ndinali nditaulula zanga zonse pamaso pa banja lake, iye ataima pomwepo ndi zake m'thumba.

"Isidro," anatero a Fabiola, ndipo mawu awo anali ozizira kuposa mmene anandilankhulirapo ine. "Mbewu zanga zili kuti, ndipo umasungira ndani?"

Dzuwa la madzulo linali litafika pa bokosi lija. Nthawi yomweyo kakompyuta kanakwana madigiri 60, fani n'kuyamba kuzungulira yokha monga ndinaiuzira. Tonse anayi tinaimirira tikuimvetsera, tikudikira kuti mwamuna amene ndimamukonda ayankhe mayi ake.